Project Runway ndi Top Chef: ine ndi achemwali sitigwirizana

Ine ndi achemwali anga takhala tikulimbana pa nkhani imeneyi kwa nthawi ndithu, iwo ndi a Top Chef ine wa Project Runway, ndiye ndati ndizibweretse pano nanunso muweruze. Onsewa ndi ma pulogalamu a ku America ndipo anayambira pa tchanelo imodzi ya Bravo, Project Runway wa zosokawu mu 2004, Top Chef wa zophikawu mu 2006. Kachitidwe nkamodzi, ntchito yovuta, nthawi yochepa, ma jaji, kenako wina azipita kwawo. Koma mmene oonerafe timawaweruzira opikisanawo ndiye nzosiyana kutalitali.

Pa Project Runway chimene akuona jaji Nina Garcia nanenso ndikuchiona. Dilesi ikatuluka mpendero uli wokhota, zipi yakana kutseka, modelo akuyenda ngati amumanga miyendo, sindidikira jaji kuti andiuze ayi. Aliyense amene telala anamuonongerapo chitenje amaudziwa msoko wothamangira, ineyo wina anandisokera malaya a ku ukwati dzanja lina lalitali lina lalifupi nkumandiuza kuti vuto ndi mapewa anga, mpaka lero ndikaona zoterozo pa TV mtima umawawa. Episodi yoyambirira yeniyeni anawatengera ku supamaketi ku New York kuti apange chovala ndi zogula mmenemo, Austin Scarlett nkusoka dilesi ya makoko a chimanga, omwe ife timataya kudzala aja, usiku makoko anauma nkufota koma anawinabe. Umachita kudzionera wekha kuti apa mutu ukugwira.

Nchifukwa chake anthu a Project Runway akapsa mtima amapsadi. Sizoni 8, mu 2010, Gretchen Jones anawina, Mondo Guerra nkukhala wachiwiri, ma jaji Michael Kors ndi Nina anali kwa Gretchen pomwe jaji mnzawo Heidi Klum amafuna Mondo. Abale inu, anthu anakwiya zedi, ndipo ngakhale Mondo anadzawina All Stars, mpikisano wa omwe anapikisanapo kale, mu 2012 ena mtima sunatsikebe. Chilungamo chake Gretchen anthu anamudanso chifukwa cha pakamwa, amakonda kudzimva. Komabe mkangano unali ndi pogwira, uyu akuti taonani mitundu yowala ndi madonthomadontho a Mondo, uyo akuti zofiirira za Gretchen ndi zomwe azimayi angagule nkuvala. Tonse timaloza chinthu chimodzi.

Nanga ku Top Chef tiloze chani? Jaji wamkulu Tom Colicchio akati mchere wachuluka ndiye kuti wachuluka basi, iwe uli pa sofa ndi tiyi wako sungatsutse. Mbale imatha kuoneka bwinobwino ma jaji nkumakwinya nkhope, ina kuoneka ngati phala la dzulo iwo nkumanyambita supuni. Ndiye poti lilime lathu silifikako timathamangira khalidwe la munthu. Sizoni 2 anthu amakumbukira Marcel Vigneron, tsitsi lake lija ndi tithovu tomwe amaika pa chakudya chilichonse, ndi usiku umene Cliff Crooks anamupanikizira pansi kuti amumete mpaka Cliffyo anathamangitsidwa mu mpikisano. Anawina ndi Ilan Hall, koma funsani kuti anaphika chani pa fainolo muone anthu akamayang'anizana. Sizoni 5 chimodzimodzi, Carla Hall anthu anamukonda chifukwa cha nsangala zake, Stefan Richter amati ngodzikweza, chikho nkupita kwa Hosea Rosenberg ambiri osakhutira. Ndipo khalidwe lomwe timaweruzalo ndi lomwe odula filimu asankha kutionetsa, maola ambirimbiri kuwapanikiza mu episodi imodzi.

Achemwali ali ndi mfundo zawo, ndisaname. Amati ku khitchini kulibe zambiri zokambirana, nkhuku yosapsa ndi yosapsa, pomwe ku fashoni jaji atha kungoti izi nzachikale, nkhani nkuthera pompo. Amatinso a Top Chef ambiri ndi ma shefu enieni oti akugwira kale m'malesitilanti akuluakulu, ndiye ukuonera akatswiri. Ndiye amakonda kunditchulira Kristen Kish wa sizoni 10, amene anachotsedwa pa Restaurant Wars, episodi yomwe opikisana amatsegula malesitilanti m'magulu, atavomera yekha kulakwa osakankhira mnzake, nkubwereranso kudzera ku Last Chance Kitchen, kampikisano ka ochotsedwa kolimbirana kubwerera, mpaka kuwina, pano ndi amene akutsogolera pulogalamuyi chichokereni Padma Lakshmi mu 2023. Nkhani yokoma ndithu. Koma mwaona? Ngakhale pamenepo akutama mtima wa Kristen, za mbale yake sanenapo kanthu. Wina akati utha kuyesera kuphika wekha kuti ulawe ndiye ayi, ma scallop ndi ma truffle ndikawapeza msika uti?

Ofuna kuyamba kumene, Project Runway yambani ndi sizoni 4 ya Christian Siriano, kamnyamata kosoka mothamanga ngati makina a fakitale, pano kakuveka anthu otchuka ku Hollywood. Top Chef yambani ndi sizoni 6 ya ku Las Vegas, mmene munali abale awiri a mimba imodzi, Michael ndi Bryan Voltaggio, onse mpaka fainolo, wamng'ono Michael nkuwina. Achemwali amalumbira kuti Bryan anamubera. Ndikawafunsa kuti munalawa liti amangondigenda ndi pilo.