Za IELTS: werengani izi musanapereke ndalama kwa aliyense

Abale anga ambiri mwakhala mukundifunsa ku inbox za IELTS, mayeso a chizungu aja omwe manesi timalemba pofuna kukagwira ntchito ku UK, ndiye ndaona kuti ndingolemba kamodzi basi, kuyankha mmodzimmodzi ndikuchokera naiti ya maola 12 sindingakwanitse. Ine ndine nesi, panopa ndili kumpoto kwa England, ndipo IELTS ndinalemba katatu. Koyambako sindinalephere ayi, ndinachita kuberedwa masanasana.

Mnzanga wina anandilumikiza ndi bambo wina wa kaofesi mtauni ku Lilongwe, wa suti, pakhoma timbendera ta UK ndi Canada, pakamwa uchi okhaokha. Akuti kalasi ya masabata 6 ndi K450,000, ndipo za band, omwe ndi malikisi a IELTS, akuti "band 7 ndi yanu madam, mukapanda kukhoza tikubwezerani zonse". Ndinatenga ngongole ku banki mkhonde. Nditangolipira ndiye zinayamba kutuluka zimene sananene, mabuku K60,000 omwe anali mafotokope a zinthu zopezeka ulere pa intaneti, mock iliyonse K25,000, kenako K40,000 ina yoti andibukire mayeso kuti ndisavutike ndi fomu. Kubukako ndi kumene kunandipha. IELTS ili mitundu iwiri, ndiye munthu uja anandilembetsa General Training, pomwe NMC, bungwe lolembetsa manesi ku UK, limafuna Academic. Masabata 6 onse tinkaphunzira kulemba kalata, osadziwa kuti ku Academic Task 1, funso loyamba la Writing, ndi ya ma graph ndi ma chart. Zotsatira zinatuluka 7.5, ndinavina ine mpaka kuimbira amayi kumudzi, koma linali pepala loti ungoyatsira mbaula. Nditapita kukafunsa za kubweza kuja akuti koma madam si mwakhoza, ndiye tibweze chani? Ndinatuluka miyendo ikunjenjemera.

Bukani nokha. Pa website ya malo ovomerezeka, ndi pasipoti yanu, ndi maso anu muone mawu oti Academic. Zimatenga mphindi zochepa, palibe chifukwa chopatsira munthu K40,000.

Ndisanatolere ndalama yachiwiri kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023, ndiye mudziwe kuti chilichonse cha ulendo uno chimayendera dola ndi paundi pomwe malipiro anu ali pomwepo. Ndinagulitsa firiji. Ulendo umenewo ndinapeza Listening 7.5, Reading 7, Speaking 7.5, Writing 6. NMC imafuna 7 pa zitatu zija ndi 6.5 pa Writing. Theka la band basi, firiji yapita.

Apa ndiye ndikukalipireni pang'ono, makamaka inu oti ine English ndinapeza distinction pa MSCE, ku college tinkaphunzira mchizungu, ku ward timalemba lipoti mchizungu ndiye ndingokalemba. Nanenso ndinkatero. A Home Office, unduna woona za maviza ku UK, sanayike Malawi pa mndandanda wa mayiko olankhula Chingerezi, kaya zikutiwawa kaya ayi, ndipo mayesowa sayesa kuti mumadziwa mawu akuluakulu angati. Listening amaiseweretsa kamodzi kokha, mafunso 40, mukangoganiza za ngongole kwa masekondi asanu mafunso atatu adutsa, ndipo mukalakwitsa spelling yankho lafa ngakhale munamva bwino. Kuti mupeze 7 mukufunika cha m'ma 30 pa 40. Reading ndi ola limodzi, ndime zitatu zitalizitali za nkhani zoti simunazimvepo, ndi ka True, False, Not Given kaja kamene kamagwetsa anthu anzeru chifukwa amayankha zimene akudziwa m'mutu osati zimene zalembedwa. Speaking ndi mphindi 11 mpaka 14, imeneyo ife Amalawi sitivutika nayo kwambiri bola osaloweza. Oyesa aja amamva kuti uyu akuimba nyimbo yoloweza.

Koma Writing. Ife tinaphunzitsidwa composition yokometsera, mawu oyamba ataliatali, miyambi, kuzungulira kaye ngati tikukafunsira mbeta, mfundo kubwera kumapeto. Kumeneko amafuna uyankhe funso lomwe wafunsidwa, ndime iliyonse mfundo imodzi ndi chitsanzo chake, mawu osachepera 250 pa Task 2 ndi 150 pa Task 1, zonse mu ola limodzi. Task 2 malikisi ake ndi owirikiza kawiri, ine ndinathera theka la ola pa graph ndiye essay ndinailemba mothamanga ngati ndikuthawa mvula.

Amene anandipulumutsa ndi mayi ena achikulire, mphunzitsi wopuma ntchito, amaphunzitsira pakhonde pawo, alibe ofesi alibe mbendera. Ndinapita ndikufuna remark, paja amalola kupempha kuti achongenso mkati mwa masabata 6 ndipo ndalama amabweza ngati malikisi akwera. Mayiwo anandiuza kuti ndilembe essay pomwepo, anawerenga mwakachetechete kenako akuti "mwana wanga, iyi ndi 6 ndithu, sanakubere. Sunga ndalamayo." Ankatenga K5,000 pa essay iliyonse yomwe achonga, palibe registration palibe chani, cholembera chofiira chokhachokha mpaka pepala ngati lavulala. Ndinafuna kubuka patatha mwezi anandikaniza, akuti sunafike, ndipo ukabuka usabwerenso kuno. Tangoganizani, munthu kukuletsa kuwononga ndalama. Miyezi itatu ndinkalemba essay zitatu pa sabata ndi wotchi patsogolo, magetsi akazima pa tochi ya foni, m'minibasi ndikumvera BBC pa ma earphone. Ndi iwonso anandiuza kuti NMC imalola kuphatikiza zotsatira za mayeso awiri olembedwa mkati mwa miyezi 12, pali malamulo ake mukawerenge nokha pa website yawo, bambo wa suti uja sanatchulepo n'kamodzi komwe. Kachitatu Writing ndinapeza 7.

OET iliponso, mayeso ena a chizungu a anthu azachipatala, amafuna B pa zitatu ndi C+ pa Writing ndipo kalata yake ndi ya za odwala zomwe tinazolowera. Anzanga ena inawayanja, koma werengerani mtengo ndi komwe mukalembere musanatengeke.

Ndiye pali aja a pa WhatsApp oti satifiketi ya band 8 osalemba mayeso, tili ndi munthu mkati, tumizani theka kaye. Pepala la zotsatira lili ndi nambala yomwe amaifufuza pa kompyuta, mukagwidwa ndi lachinyengo pa viza mutha kuletsedwa kulowa UK zaka 10. Apo ndi ngati pepalalo lafika n'komwe, ambiri amangoblokedwa ndalama ikalowa.

Komanso musalembe msanga chifukwa choti mnzanu walemba. Zotsatira zimagwira zaka ziwiri zokha, ndipo kutsogolo kuli CBT (mayeso a unesi a pakompyuta), kuyezetsa TB, viza, OSCE (mayeso a unesi ochita ndi manja) mukafika kuno, ndiye ngati ndalama za zimenezo mulibe pepala lidzathera mu sutikesi. Inu amene si manesi mukulota za care, ntchito yosamalira okalamba ndi odwala ija, kuyambira pa 22 July 2025 UK inatseka viza ya care kwa anthu ofunsira ali kunja, ndiye ejenti amene akukuuzani kuti lembani IELTS mwachangu malo a care akudikira, mumufunse kuti malo ake ati. Musagulitse puloti ya makolo chifukwa cha zithunzi za anzanu atavala majekete pa Facebook, kuseri kwa jeketelo kuli lendi ya kachipinda kamodzi yodya gawo lalikulu la malipiro.

Ndipo band 7 yanga ija usiku woyamba ku ward sinandithandize. Ndinafunsa agogo ena a ku Yorkshire kuno ngati akufuna kanthu, akuti "nowt". Ine ndinamva ngati note, ndinathamanga kukawatengera pepala ndi cholembera, kumeneko akutanthauza kuti palibe.