Pampu ya mu mjigo, bokosi lake ndi stabilaiza: mmene zayendera kuno ku Mangochi

Pampu yomwe tinatsitsa mu mjigo wathu kuno chakwa Makawa yadutsa dzinja lonse komanso kutentha kuja kwa Okutobala, ndiye ndati ndikuuzeniko mmene yakhalira poti ambiri mukukumbitsa mijigo masiku ano. Ndi submersible, pampu yomira m'madzi, ya 0.75kW, ija amati 1HP, single phase, anabwera nayo achimwene kuchokera ku Joni. Katundu wa ku Joni ubwino wake magetsi awo ndi athuwa ndi amodzi, 230V pa 50Hz. Mukaona yolembedwa 115V kapena 60Hz isiyeni ngakhale itchipe bwanji, imeneyo anapangira magetsi a ku America.

Pampuyo payokha ndilibe nayo dandaulo, thanki ikudzadza bwinobwino, dimba la tomato silinafote. Koma chomwe chaisunga yamoyo ndi zomwe zili pakhomazi. Mota yathu ndi ya mawaya atatu, wachinayi ndi wa earth, ndiye kapasita yoidzutsa siili pansi m'madzi ayi, ili mu control box. Bokosilo likhale la 0.75kW ndi 230V ndendende monga zalembedwera pa mota. Wa shopu wina pa boma ankandikakamiza la 1.5kW akuti lalikulu ndiye lolimba, koma amisiri athu a zamagetsi anakanitsitsa, anati "bambo, overload ya bokosi lalikulu imadikira ma amps ambiri, ikamadzadula koyilo yapsa kale, komanso kapasita yake si ya mota imeneyi." Ndipo kutulutsa pampu yopsa mu mjigo ndi mapaipi ake onse si ntchito yoti mungaifune kawiri.

Nkhani ya stabilaiza, chipangizo chokweza kapena kutsitsa ma volts kuti akhazikike, ndi yomwe anthu amaipeputsa. Kuno madzulo aliyense akayatsa hotplate ndi ma fan, kanambala ka pa stabilaiza mbali ya input kamatsika mpaka kufika pansi pa 200, mababu nkumaoneka ofiira, ndipo mota ikalandira ma volts ochepa imakoka ma amps ochuluka, imatentha mkati inu osadziwa chifukwa madzi akubwerabe. Chinanso podzuka mota imakoka mphamvu kangapo kuposa ikamayenda, ndiye stabilaiza ya 1kVA yomwe papepala imaoneka ngati ikukwana imagonja pomwepo. Ife tinaika ya 3kVA ndipo output imakhala cha m'ma 220 mpaka 230 nthawi zonse. Fridge guard simalowa m'malo mwake chonde, ija imangodula ndi kudikira, siikweza ma volts.

Waya wochokera kunyumba kukafika pa mjigo tinaika wa 4mm poti mtunda ndi wautali, 1.5mm ikanadya ma volts panjira.

Chomwe ndachiyamikira kwambiri ndi dry run protection. Kumayambiriro kwa Novembala mvula isanagwe madzi anatsika, pampu ikamakoka kwakanthawi kachipangizoko kankaizimitsa kokha, kudikira madzi abwerere kenako nkuyambanso. Mota imeneyi imazizira ndi madzi omwewo, ikayenda pouma basi yapita.

Zosandisangalatsa ziliponso. Stabilaiza yathu ndi ya ma relay, magetsi akamavinavina imangoti tha tha tha usiku wonse ndipo imatentha, tinachita kuboola mazenera awiri pa kanyumba ka pampu nkuika sefa. Nyerere nazo zimakonda kufunda kwa mu control box, tinazipeza zitaunjika dothi pafupi ndi relay, pano timatsegula mwezi ndi mwezi titazimitsa main switch, kupukuta ndi burashi youma, pomwe pamalowa mawaya tinamata silicone. Komanso stabilaiza siiteteza ku mphezi, surge protector tinagula payokha mvula itayamba, ndipo kukamagunda kwambiri chakunyanjaku timangozimitsa zonse.