Miyezi 9 ndi sola pasukulu yathu ku Angónia

Mu Febuluwale, sukulu zitangotsegulira, tidaika mapanelo 8 a sola padenga la chipinda cha makompyuta kuno kufupi ndi tauni ya Ulónguè, ku Mozambique. Inveta yake, kabokosi kosandutsa mphamvu ya mapanelo ndi mabatire kukhala magetsi a m'nyumba, ndi ija yosakaniza: dzuwa likawala imatenga kumapanelo, likachepa imatapa m'mabatire, mabatire akafooka imabwerera ku magetsi a pamita. Pano ndi Novembala, ndipo aphunzitsi anzanga a ku Tsangano akhala akundifunsa ngati ndalama zija zikubwerera.

Zamasana zikubwereradi. Sukulu imadya magetsi dzuwa lili paliwombo, ndiye makompyuta ndi makina osindikizira mayeso zimayendera dzuwa lokhalokha. Mayunitsi a Credelec, magetsi olipiriratu a pamita, omwe kale ankatha mwezi usanathe, pano amalowa mwezi wina. Jenereta tidaiiwala, moti tsiku lina nditaivundukula ndidapeza khoswe atamangamo chisa.

Pomwe tidapusa ndi pa mabatire. Tidagula a asidi chifukwa chotsika mtengo, osaganizira kuti tili ndi makalasi ausiku. Mu Juni ndi Julayi, nkhungu ikakuta mapiri mpaka chakumasana, mabatire sankadzaza. Ikamakwana 8 koloko usiku inveta inkayamba kulira tii tii, ophunzira n'kuseka kuti belu lowerukira lalira. Magetsi a pamita akapezeka kuti nawo azima, basi, tochi za m'mafoni. Zimenezi m'chigawo chomwe chili ndi Cahora Bassa, damu la mamegawati 2,075 lomwe magetsi ake ambiri amapita ku South Africa!

Batire la asidi silifuna kulikama kupyola theka, ndipo ngakhale ulisamale bwanji limakhala zaka 3 mpaka 5. Mapanelo amafika zaka 25. Werengani nokha kuti tidzagula mabatire kangati mapanelo asanakalambe. A lithiyamu amatha kufika zaka 10, ndipo ndikadakhala kuti ndikuyamba lero ndikadagula limodzi lokha la mtundu umenewo, loyatsira mababu ausiku, makompyuta onse n'kuwasiyira masana. Pepala la mtengo lomwe tidaonetsa makolo lidalibe mzere wa mabatire atsopano, ndipo mlandu umenewo ndi wanga.

Fumbi nalo limaba. Mu Seputembala ndi Okutobala phulusa la moto wolusa limakuta magalasi. Alonda athu amakwera m'mamawa ndi ndowa ndi kansanza, akatsika manambala a pa inveta amakwera ndikuona.

Chondiwawa china ndi Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi: mabatire akadzaza, dzuwa lotsala limangopita pachabe. Ndiye tidayamba kutchajira anthu apamudzi mafoni, timametikali take n'kumaponya m'kachitini kolembedwa "mabatire". Dzulo a diretori, mkulu wa sukulu yathu, adakagwedeza pakhutu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, apa mwina tigula waya wake."