Google Sheets ndi ufulu wosankha maonekedwe a kaundula

Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikusunga kaundula wa gulu lathu la banki mkhonde pa Google Sheets, pulogalamu ya pa intaneti imene kampani ya Google inatulutsa mu 2006, ndipo chimene chandikhutiritsa kwambiri n'chakuti munthu angathe kusintha maonekedwe a zolembedwa popanda kukhudza manambala enieniwo.

Ndikalemba 250000 m'kabokosi ka ngongole, pamaoneka MK250,000, chifukwa ndinakonza kamodzi kokha kuti ndalama zizioneka motero, koma powonkhetsa pulogalamuyi imagwiritsabe ntchito nambala yoyamba ija. Chothandiza koposa ndi conditional formatting, njira yochititsa kabokosi kusintha mtundu pakokha motsata lamulo limene munthu waika. Ndinaika lamulo lakuti kabokosi ka tsiku lobwezera ngongole kazifiira tsikulo likangodutsa, moti pa msonkhano wa Loweruka msungichuma safunikanso kutsata mzere uliwonse ndi chala kuti apeze amene achedwa, pakuti diso limangogwera pofiirapo. Komabe mtundu wokha sukwanira, chifukwa tikasindikiza pa makina a inki yakuda, zofiira ndi zobiriwira zimafanana, n'chifukwa chake ndinawonjeza mawu akuti "wachedwa" pambali pake.

Palinso filter view, imene imalola munthu mmodzi kusanja mayina motsata kukula kwa ngongole, kapena kubisa amene anamaliza kubweza, pamene anzake amene atsekula kaundula yemweyo akuona zonse monga zinalili. Pa gulu limene anthu atatu amalemba m'buku limodzi, zimenezi zimachepetsa mikangano.

Pa madeti m'pofunika kusamala. Kaundula akakhala kuti anatchereredwa pa kalembedwe ka ku United States, 3/4/2025 amatanthauza 4 March, pamene ife kuno timawerenga kuti 3 April. Ndikulangiza kuti musanalembe chilichonse mulowe pa File, kenako Settings, n'kusankha United Kingdom pa Locale, apo ayi ngongole idzaoneka yochedwa isanachedwe.

Chofooka chake chili pa foni, pomwe mabokosi amaoneka ang'onoang'ono ndipo kupanga filter view yatsopano kumafuna kompyuta. Kwa gulu limene lili ndi laputopu ngakhale imodzi yokonzera zonsezi poyamba, pulogalamuyi ndi yoyenera, makamaka poti salipiritsa kwa aliyense amene ali ndi akaunti ya Google.