fsx, kapulogalamu kamene kanandithetsa matama

Ndinatha miyezi itatu ndikulemba filesystem yangayanga (pulogalamu yosunga ndi kusanja mafayilo pa kompyuta) pa FUSE, chida chothandiza munthu kulemba filesystem ngati pulogalamu wamba, ndipo ndinkadziona ngati dolo. Mafayilo ankalembeka, ankawerengeka, vuto panalibe. Tsiku lina mnzanga anandifunsa kuti, "Achimwene, mwaiyesapo ndi fsx?" fsx ndi kapulogalamu koyesa ngati filesystem ikusunga zinthu molondola. Ndinaiyesa usiku womwewo. Mphindi imodzi isanakwane, pa sikirini panali patalembedwa kale READ BAD DATA, kutanthauza kuti zomwe kanawerenga mu fayilo zinali zolakwika.

Kapulogalamuka n'kakale, kanalembedwa ndi Avadis Tevanian ku kampani ya NeXT mu 1991, ndipo katafika kwa anthu opanga operating system ya FreeBSD mu 2001 kanawavumbulira zolakwika mu NFS yawo, njira yogawana mafayilo pa network. Ine ndimagwiritsa ntchito kamene kali mu xfstests, gulu la mayeso a ma filesystem. Kamatenga fayilo imodzi n'kumailemba, kuiwerenga, kuidula ndi truncate, kuitalikitsanso, zonsezi mwachisawawa, kwinaku kakusunga mu memory mmene fayiloyo iyenera kukhalira. Zikangosiyana ndi byte imodzi, kaima pomwepo.

Vuto langa linali apa. Tinene kuti fayilo yadulidwa kufika pa ma byte 5000, pomwe block iliyonse (chigawo chimene fayilo imasungidwamo) ndi ma byte 4096. Mu block yachiwiri mwatsala ma byte 904 enieni, enawo ndi zinyalala zakale. Ukaitalikitsanso fayiloyo, POSIX, muyezo umene ma system ngati Linux amatsata, imati malo atsopanowo aziwerengeka ngati ziro. Ine ndinkangosintha nambala ya kukula kwa fayilo, mchira wa block uja osausesa. Ndiye zomwe ndinkati ndafufuta zinkadzuka ngati mzukwa. Pandekha sindikanazigwira, chifukwa poyesa ndinkadula pa 4096 kapena 8192, manambala okoma m'maso.

Chimene ndakakondera kwambiri ndi -S, option yoperekera seed, nambala imene kamayambira posankha zochita mwachisawawa. Ukapereka seed yomweyo, kamabwereza zonse ndendende, ndiye vuto silikuthawa. Kamakusiyiranso fayilo ya .fsxgood, yokhala ndi zomwe zimayenera kukhalamo, yoti ufananize ndi yako pogwiritsa ntchito cmp, kapulogalamu kofananiza mafayilo. Kukonza kunanditengera mizere isanu ndi umodzi ya code, koma kupeza pokonzapo kunandidyera Loweruka lonse, chifukwa lipoti lake ndi manambala a hex okhaokha, ndipo silikuuza chalakwika n'chiyani. Ndinachita kutenga pepala ndi cholembera.

Komanso musaganize kuti fsx ikadutsa ndiye kuti mwamaliza. Payokha siyesa zomwe zimachitika magetsi akathima write ili pakati, ndipo kwathu kuno imeneyo si nkhani yongoganizira. Zimenezo muzifune m'mayeso ena a xfstests, aja a dm-flakey, chida cha Linux choyerekeza disk imene yasiya kulemba mwadzidzidzi. Filesystem yanga pano ikudutsa fsx -N 1000000 (ndiko kuti zochita miliyoni imodzi) bwinobwino. Za dm-flakey tisakambe kaye.