Sikuludiraiva ya 3.6V kapena makina oboolera a 12V?

Amene akufuna chida cha batire chomangira masikulu pakhomo, kaya ku Ulongwe kapena mumzinda wa Tete, nthawi zambiri amasankha pakati pa sikuludiraiva yaing'ono ya 3.6V ndi makina oboolera a 12V.

Pa mtengo, yaing'onoyo ndiyo yotsika.

Pa mphamvu, imamanga bwino mahinji a kabati ndi zogwirira mapoto, koma imaima ikakumana ndi thabwa louma la mlombwa, pamene makina a 12V amaboola thabwalo ngakhalenso malata.

Pa katchajidwe, zazing'ono zambiri zimalandira chingwe cha USB, kotero sola ya pakhomo imakwanira, ndipo zimenezi n'zofunika kwambiri m'midzi ya ku Angónia kumene magetsi sanafike. Makina aakuluwo kawirikawiri amafuna chaja yawoyawo ya pakhoma.

Pa kulimba, batire ya yaing'onoyo imakhala yotsekeredwa mkati, ndipo ikafa n'kovuta kuisintha. Ya 12V imazulidwa n'kuikamo ina. Zonse musazisiye padzuwa, chifukwa kutentha kwa Tete kumafooketsa batire ya lithiamu.

Kwa womangitsa masikulu mwa apo ndi apo, ine ndingasankhe yaing'onoyo. Wokhoma mashelefu ndi zitseko agule ya 12V.