Tini ya silikoni ya mabowo 12 yophikira timakeke

Ubwino wake waukulu ndi woti timakeke sitimatirira. Mukakankha kunsi ndi chala, kakeke kamatuluka kathunthu, moti ngakhale ana angathandize kuchotsa. Kwa ophika ndi ana, ndi yoyenera kugula.

Koma ndi yofewa kwambiri. Iikeni pa thireyi yachitsulo musanathire zosakaniza zanu, apo ayi imapindika poinyamula, zonse n'kutayikira mu uvuni. Silikoni satentha msanga ngati chitsulo, choncho m'mbali mwa timakeke mumatuwa. Ofuna mofiirira bwino angotenga yachitsulo. Bowo lililonse thirani magawo awiri mwa atatu basi. Pa madigiri 180, yembekezerani mphindi 20 mpaka 25, kenako bayani ndi kamtengo: kakatuluka kouma, tapsa. Tisiyeni mphindi 10 tizizire musanatichotse, chifukwa totentha timanyenyeka.